KU THAILAND MLENDO NDI CHIKWAMA BASI

Aliyense amene anagulitsapo zovala pa msika wa Limbe kapena wa Lilongwe dzina loti Bangkok amalidziwa, ngakhale kuti ndege sanayikwerepo. Amayi ena a geni akhala akuulukira kumeneko kukaoda madiresi, majini, zikwama ndi nsapato, ndipo akabwerako nkhani imakhala yokoma zedi: katundu mbwee, magetsi usiku wonse, anthu ake omwetulira ngati kuti akukudziwa kuyambira kale.

Koma kukaoda katundu kwa sabata imodzi ndi kukhala komweko zaka khumi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ku Thailand kuli alendo ambiri amene anakhazikika: azungu opuma pa ntchito, aphunzitsi a Chingerezi, amuna amene anapeza banja kumeneko, a bizinesi, komanso anzathu ochokera m'maiko a muno mu Africa. Mzungu kumeneko amamutchula kuti farang. Alendowa akakumana pa mowa madandaulo sakutha, koma mukawamvetsera bwino onse akulira chinthu chimodzi: ndalama zawo zimalandiridwa ndi manja awiri, koma eni ndalamawo alibe mawu pa chilichonse.

MITENGO IWIRI PA KHOMO LIMODZI

Dandaulo loyamba inu a pa msika mulimva msanga chifukwa ndi nkhani ya mitengo. Thailand imadya ndalama za alendo okaona malo. M'chaka cha 2019 chokha kunafika alendo pafupifupi 40 miliyoni. Koma malo ambiri okopa alendo ali ndi mitengo iwiri, wa mwini dziko ndi wa mlendo.

Ku nyumba yachifumu yotchuka ya Grand Palace mu mzinda wa Bangkok, mlendo amalipira 500 baht pomwe nzika imangoonetsa chiphaso n'kulowa ulere. Ku malo ena osungirako nyama ndi zachilengedwe mlendo amapereka 400 baht, mwini dziko 40 baht. Chomwe chimawawitsa mtima kwambiri n'chakuti pa zikwangwani zina mtengo wa nzika umalembedwa m'manambala a chinenero chawo, amene mlendo sangawerenge, pomwe wa mlendo uli m'manambala amene tonsefe timawadziwa. Munthu woti wakhala m'dzikomo zaka 20, amakhoma msonkho, ana ake anabadwira momwemo, akafika pa geti amamuona ngati watsika ndege dzulo.

Eni dziko nawo yankho ali nalo. M'chaka cha 2025 malipiro otsikitsitsa a wantchito pa tsiku anali pakati pa 337 ndi 400 baht, kutengera dera. Ndiye kuti 500 baht ya pa geti ija ndi yoposa thukuta la tsiku lonse la munthu wamba. Ndipo tisanawaseke, tikumbuke kuti ku Liwonde ndi ku Majete mlendo wakunja amalipira zambiri kuposa Mmalawi. Nanga inuyo mayi, mzungu akaima pa benchi panu kufunsa mtengo wa mapeyala, mumamuuza womwe uja mwangouza mnansi wanu?

Kupatula mitengo ya boma, palinso akamberembere. Pafupi ndi Grand Palace pomwepo pamayendayenda anthu ovala bwino amene amauza mlendo kuti lero malowo atseka. Kenaka amamukweza pa kagalimoto ka matayala atatu kotchedwa tuk-tuk, ati akamuonetse malo ena, mapeto ake n'kukamutula mu sitolo ya miyala yonyezimira kapena kwa telala wa masuti kumene dalaivala amalandirako kangachepe. Ena a matakisi amakana kuyatsa mita akaona nkhope yachilendo. Ngakhale makina otapira ndalama ku banki amadula ndalama yoposa 200 baht nthawi iliyonse mlendo akalowetsa khadi la banki ya kwawo.

KUKAONEKERA NGATI WA BELO

Dandaulo lachiwiri ndi la mapepala. Mlendo aliyense wokhalitsa ku Thailand amayenera kudziwitsa a zolowa ndi kutuluka m'dziko komwe akukhala masiku 90 alionse. Akachedwa chindapusa chake ndi 2,000 baht. Palinso fomu ina yotchedwa TM30, imene mwini nyumba ayenera kutumiza ku boma pasanathe maola 24 mlendo akafika pakhomo pake. Lamulo limeneli ndi la 1979, koma litayamba kutsatidwa mwamphamvu m'chaka cha 2019 alendo anabuula, ati akuwasunga ngati munthu amene ali pa belo.

Wofuna kukapumira ukalamba kumeneko ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 50 komanso 800,000 baht ku banki ya m'dzikomo, apo ayi aonetse kuti amalandira 65,000 baht pa mwezi. Ndipo chilolezocho chimakhala cha chaka chimodzi, chikatha akayambirenso kuima pa mzere. Malo mlendo saloledwa kugula. Angathe kugula chipinda m'nyumba zosanjikizana, koma alendo onse pamodzi asapyole magawo 49 pa 100 alionse a nyumbayo. Ndiye chifukwa chake amuna ambiri amamanga nyumba pa malo olembedwa m'dzina la mkazi, ndipo banja likatha bambo amatuluka ndi sutikesi yokha.

Palinso ntchito zimene boma linasungira eni dziko. Mlendo saloledwa kumeta anthu, kuperekeza alendo anzake m'malo okopa alendo, kapena kuyala malonda mumsewu. Apa ndikudziwa kuti ena mwa inu mukugwedeza mutu kuvomereza, poti mawu omwewa ndi amene ankamveka m'misika yathu m'chaka cha 2023 pamene boma linasamutsa anthu othawa kwawo m'matauni kuwabwezera ku Dzaleka.

NDALE ZONGOONERA

Ndale za ku Thailand ndiye zimazunguza mutu. Chithereni ulamuliro wa mfumu yokha m'chaka cha 1932, asilikali alanda boma koposa kakhumi, ndipo dzikolo lasintha malamulo oyendetsera dziko maulendo 20.

M'chaka cha 2006 asilikali anachotsa nduna yayikulu Thaksin Shinawatra. Anthu anagawikana pawiri, a malaya achikasu odana naye ndi a malaya ofiira omukonda. Kumapeto kwa 2008 a malaya achikasu anakhala pansi pa mabwalo a ndege awiri a mu Bangkok, Suvarnabhumi ndi Don Mueang, kwa masiku oposa sabata, ndipo alendo zikwi mazanamazana anasowa potulukira. M'chaka cha 2010 a malaya ofiira nawo anamanga misasa pa mphambano ya Ratchaprasong, pakatikati pa masitolo akuluakulu. Asilikali atalowererapo anthu pafupifupi 90 anafa, ndipo sitolo yaikulu ya CentralWorld inatenthedwa. Malo amenewa ali pafupi kwambiri ndi msika wa Pratunam, komwe kuja amayi athu amakaodako zovala.

M'chaka cha 2014 mkulu wa asilikali Prayut Chan-o-cha analanda boma la chipani cha Yingluck Shinawatra, mlongo wake wa Thaksin, n'kukhala pampando mpaka 2023. Pa chisankho cha 2023 chipani cha achinyamata cha Move Forward ndi chimene chinapeza mipando yambiri, koma mtsogoleri wake Pita Limjaroenrat sanalawe mpando chifukwa nyumba yachiwiri ya malamulo, ya anthu 250 osankhidwa mu ulamuliro wa asilikali, inamukana. Mu August 2024 khoti linathetsa chipanicho, ndipo mwezi womwewo linachotsanso nduna yayikulu Srettha Thavisin. Analowa m'malo ndi Paetongtarn Shinawatra, mwana wa Thaksin, naye khoti linamuchotsa mu August 2025. Mwezi wotsatira aphungu anasankha Anutin Charnvirakul.

Mlendo savota, ndiye mwina mukuti zikumukhudza bwanji? Zimamukhudza m'thumba, chifukwa boma likasintha malamulo nawo amatembenuka. Chamba chinaloledwa m'chaka cha 2022, masitolo ogulitsa anatsegulidwa zikwizikwi, anthu anathiramo mpamba wawo, koma pofika 2025 boma linalamula kuti wogula akhale ndi chikalata cha dokotala. Lamulo la 1972 loletsa kugulitsa mowa kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko masana linakhala likudabwitsa alendo kwa zaka zoposa 50, mpaka boma linayamba kulifewetsa m'chaka cha 2025.

Ndipo kudandaula nako kuli ndi malire. Gawo 112 la malamulo a milandu limati wonyoza mfumu, mfumukazi kapena wolowa ufumu akakhale kundende zaka zitatu mpaka 15 pa mlandu umodzi, ndipo silisankha kuti uyu ndi mlendo. M'chaka cha 2009 mlembi wa ku Australia, Harry Nicolaides, anagamulidwa zaka zitatu chifukwa cha ndime imodzi m'buku lake, ngakhale kuti pambuyo pake mfumu inamukhululukira. M'chaka cha 2020 munthu wina wa ku America anagona m'chitokosi atalemba pa intaneti zoipa za hotela ina pa chilumba cha Koh Chang, poti kumeneko kuipitsa mbiri ya munthu kapena kampani ndi mlandu wopita nawo kundende. Akuluakulu amene munakhalapo nthawi ya chipani chimodzi, chizolowezi choyamba mwayang'ana kumbuyo musanayankhule mukuchidziwa.

PA MSIKA PENIPENI

Ku msika nako alendo ali ndi zawo. Ku Pratunam ndi ku Platinum Fashion Mall mtengo wooda nthawi zambiri umayambira pa zovala zitatu. Kuyesa chovala ambiri salola, kubweza ndiye musayerekeze, ndipo masaizi ake ndi a matupi ang'onoang'ono a kumeneko, moti mayi wathupi ndithu amatha kuzungulira tsiku lonse osapeza chomukwana. Kunenerera kulipo, koma mwaulemu. Munthu wokweza mawu kapena wokalipa pagulu amaonedwa ngati wadzichotsa ulemu yekha, ndipo wogulitsa amangomwetulira n'kumusiya. Alendo ambiri amapsa mtima ndi mawu oti mai pen rai, kutanthauza kuti palibe kanthu, amene amayankhidwa ngakhale pomwe kanthu kalipo ndithu.

Onjezerani pamenepo mizere ya magalimoto imene imaima maola, ndi utsi. Ku Chiang Mai, kumpoto, miyezi ya February mpaka April mpweya umaipa chifukwa cha kutentha minda ndi tchire, ndipo mu January 2025 sukulu mazana angapo mu Bangkok zinatsekedwa kaamba ka mpweya woipa.

AMENE KULIRA KWAWO SIKUMVEKA

Komatu madandaulo amene amamveka kwambiri ndi a farang, munthu woti zikamukwana amagula tikiti n'kubwerera kwawo. Alipo ena amene ululu wawo ndi woposa apa.

Oyamba ndi anthu akuda. Cha m'ma 2017 ndi 2018 apolisi ankachita chipikisheni chotchedwa X-Ray Outlaw Foreigner, kusaka alendo okhala popanda chilolezo, ndipo ambiri amene ankaimitsidwa ndi kuonetsedwa pamaso pa atolankhani anali ochokera mu Africa ndi maiko a kufupi ndi India. Dera la Nana, komwe kumapezeka amalonda ambiri a ku Africa, linali limodzi mwa malo amene apolisi ankapitako kawirikawiri.

Achiwiri ndi anthu mamiliyoni ochokera ku Myanmar, Cambodia ndi Laos amene amamanga nyumba zitalizitali zija, kugwira ntchito m'mabwato a nsomba ndi kutsuka mbale m'malesitilanti. Awa ndi alendonso, koma za mtengo wa pa geti ya Grand Palace alibe nazo nthawi.

Achitatu ndi eni dziko enieniwo, mavenda. Asilikali atalanda boma mu 2014, akuluakulu a mzinda wa Bangkok anayamba kusesa ogulitsa m'mbali mwa misewu, ati pofuna ukhondo ndi dongosolo. Mu 2016 ogulitsa maluwa kunja kwa msika wakale wa Pak Khlong Talat anachotsedwa, ndipo anthu zikwizikwi m'madera ena anataya malo amene anadyerapo zaka zambiri. Inu amene munathamangitsidwa m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe m'chaka cha 2006 simufunika womasulira. Mlendo anadandaula kuti chakudya chotchipa cha mumsewu chasowa, pomwe mayi wophika chakudyacho anasowa fizi ya ana.

Nanga n'chifukwa chiyani odandaulawo sachoka? Chifukwa zokoma ziliponso. Chakudya ndi lendi n'zotsika poyerekeza ndi ku Ulaya, zipatala zolipira n'zapamwamba, kunja n'kofunda chaka chonse, ndipo anthu wamba ambiri ndi aulemu. Mlendo amalira koma chaka chikatha amakaimanso pa mzere ndi mapepala ake m'manja.

Kwa inu amene mukusunga mpamba kuti tsiku lina mukaode nokha ku Bangkok, kumbukirani kuti safunsa anadya phula. Konzani chitupa cholowera m'dzikomo musananyamuke, ndipo werengani bwino tsiku limene adinda mu pasipoti, chifukwa kupyola ndi 500 baht pa tsiku mpaka kufika 20,000 baht, ndipo akakugwirani panjira mutha kutsekeredwa ndi kuletsedwa kubweranso. Pasipoti isakuchokeni. Nyimbo ya fuko ikalira 8 koloko m'mawa kapena 6 koloko madzulo, imani monga achitira eni ake. Ndalama ikagwa musaiponde pofuna kuigwira, pali nkhope ya mfumu. Za banja lachifumu musatsegule pakamwa, ngakhale mocheza.

Ndipo pitani ku msika m'mamawa. Ogulitsa ambiri kumeneko amakhulupirira kuti kasitomala woyamba ndiye amatsegula mwayi wa tsikulo, moti amatsitsako mtengo, n'kutenga ndalama yanuyo kusisitira katundu yense pa benchi. Nthawi imeneyo yokha ndi imene mlendo amagula motchipa kuposa mwini dziko wobwera masana.