Liwu la "Changu" m'Chicheŵa

Omasulira ambiri amalemba "changu" paliponse pamene afuna kunena za kufulumira, ndipo potero amasokoneza mawu anayi osiyana. "Liŵiro" ndi la miyendo, "msanga" amaloza nthaŵi, pamene "phuma" ndi kufulumira kosalingalira. "Changu" ndi kupepuka kwa thupi pamodzi ndi kufuna kwa mtima. Mwana amene amadzambatuka asanaitanidwe kaŵiri, nagwira ntchito osagwetsa kanthu, ndiye wachangu. Wothamanga nthaŵi zina sakhala wachangu konse.

Dzinali lili m'gulu la Chi-Zi (changu chake), ndipo limabala muonjezi "mwachangu". M'mabuku akale, monga Buku Lopatulika, linkalembedwa "cangu".

Za chiyambi chake, ife tiona kuti mbale wake ndi mneni "changamuka", amene mnzake m'Chiswahili ndi "changamka", kutanthauza kukhala wamoyo ndi wansangala. "Changamutsa" ayenderana ndi "changamsha". Koma ofananitsa zinenero achenjere: "changu" wa m'Chishona ndi m'Chiswahili atanthauza "changa", mawu oonetsa umwini, ndipo kufananaku n'kwa m'kamvekedwe chabe.