Mabotolo a m'sitolo ya mmwenye

Chaka chatha komiti ya sukulu yathu idagwirizana zogwetsa chinyumba chakale cha kuseri kwa bwalo la mpira kuti njerwa zake timangire zimbudzi za atsikana. Akuluakulu akuti idali sitolo ya mmwenye yemwe adasamuka m'zaka za m'ma 1970, boma la Kamuzu litalamula amwenye kuti azichitira malonda m'matauni.

Anyamata a Fomu 3 akukumba pansi pa khonde adapeza mabotolo a mowa oposa 20 atakwiririka. Ine ndidafika mochedwa. Mmisiri adali ataswa kale ambiri kuti magalasiwo awazike pamwamba pa mpanda poopseza akuba. Ndidapulumutsa anayi okha, anzanga n'kumaseka kuti mphunzitsi wa mbiri yakale wayamba geni ya kachasu.

Chomwe sadadziwe n'chakuti botolo limaulula zaka zake. Limaumbidwa m'chikombole ngati njerwa, ndipo pomwe mbali ziwiri za chikombole zidakumana pamatsala kamzere konga msoko wa malaya. Kale mmisiri ankauzira galasi lamoto m'chikombolemo ndi pakamwa kudzera m'kapaipi, kenako n'kukonza mlomo wa botolo pamanja. Botolo lotere msoko wake umathera m'khosi. Mu 1903 Michael Owens wa ku America adapanga makina oumbira mabotolo, ndipo la makina msoko wake umakwera mpaka pamlomo penipeni. Nako kachitsekerero ka manomano, komwe timaseweretsa drafuti, kadatulukiridwa ndi William Painter ku Baltimore mu 1892. Botolo lokhala ndi mlomo wa kachitsekerero aka silingakhale lakale kuposa chaka chimenecho.

Atatu mwa mabotolo anga ndi a makina. Lachinayi ndi lobiriwira modera, lolemera, galasi lake lili ndi tithovu m'kati, ndipo msoko sudafike pamlomo. Ndidauza ophunzira kuti likhoza kukhala lakale kuposa sitolo yomweyo. Mtsikana wina adanditsutsa. "Aphunzitsi, agogo anga botolo lawo la parafini ndidalipeza ndikubadwa, mpaka lero lilipo." Adanena zoona. Botolo limatiuza nthawi yomwe lidaumbidwa, osati tsiku lomwe lidatayidwa. Phunziro limenelo ndakhala ndikulilemba pabolodi zaka zambiri popanda wolimvetsa, koma tsikulo adalitulukira okha.

Nanga mowawo unkachokera kuti? Fakitale ya Carlsberg ku Blantyre idatsegulidwa mu 1968, ndipo idali yoyamba ya kampaniyi kunja kwa Denmark. Kalelo mowa wa m'mabotolo unkabwera kuchokera kunja, ku Ulaya, South Africa ndi Southern Rhodesia. Katundu wambiri ankalowa pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Beira, makamaka mlatho wa pa Zambezi utatha kumangidwa mu 1935. Tangoganizani ulendo womwe botolo lidayenda kuti lidzafike kumudzi komwe mpaka lero mvula ikagwa galimoto sizidutsa.

Ndidatuma ophunzira kukafunsa agogo awo kuti ankamwa mowawu ndani. Ambiri adabwera ndi yankho limodzi: anthu wamba ankamwa masese, wa m'botolo udali wa makalaliki, aphunzitsi ndi amuna obwera ku Wenela, omwe ankaumwera pakhonde kuti mudzi wonse uone. M'buku lomwe timaphunzitsira mulibe zimenezi.

Ku Mankhamba, m'boma la Dedza, katswiri Yusuf Juwayeyi adafukula mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China, zomwe zidasonyeza kuti Amaravi ankachita malonda ndi anthu akutali. Nazonso zidali zinyalala za munthu wina.

Mabotolo anayi aja ndidawatsekera m'kabati ya mabuku, lililonse ndi kapepala konena pomwe lidapezeka. Enawo ndimawaona m'mawa uliwonse akunyezimira pampanda. Pamsika wathu patsala masitolo awiri akale, ndipo imodzi yayamba kale kusasulidwa malata. Ndapempha mwini wake kuti akayamba kukumba anditumire mwana.