Phulusa Pansi pa Mng'oma

Chiuli chikaswa mng'oma chimasiya zizindikiro za zikhadabo. Munthu amasiya phulusa. Phulusalo ndilo tinapeza m'mawa wina mu Novembala kumunda kwathu ku Lilayi: ming'oma itatu ili pansi, zisa zitamwazika, njuchi zitapsa ndi muuni wa udzu. Wakubayo anatenga uchi wa tsiku limodzi, koma popha mfumukazi ndi ana ake anatilanda uchi wa chaka chamawa.

Tsopano timamangirira ming'oma ndi unyolo pamalo ooneka kuchokera kunyumba, timalambula udzu mozungulira, ndipo timafula uchi ukangokhwima. Koma chimene chathandiza koposa nchakuti tinaitana anyamata oyandikana nafe kudzaphunzira kufula ndi utsi, ndipo aliyense tinampatsa mng'oma wake pafupi ndi yathu. Mwini mng'oma sagona akaona moto usiku.