Chithaphwi Chimene Chinayambiranso Kupuma

Pafupi ndi mzinda wa Rivière-du-Loup, m'chigawo cha Quebec ku Canada, pali chithaphwi chotchedwa Bois-des-Bel. Pansi pake pali nthaka yoderapo imene Azungu amaitcha peat. Nthaka imeneyi ndi zotsalira za ndere ya mtundu wa Sphagnum ndi zomera zina, zimene zinafa koma osaola chifukwa cha madzi ochuluka. Imaunjikana pang'onopang'ono kwambiri, ngati milimita imodzi pa chaka. Ngakhale kuti zithaphwi zotere zimangotenga magawo atatu pa 100 alionse a mtunda wa dziko lapansi, kaboni amene zasunga amaposa wa m'nkhalango zonse.

Kuyambira 1972 mpaka 1980 anthu anakumba ngalande ku Bois-des-Bel, naumitsa malowo, nakokola nthakayo kukagulitsa kwa olima maluwa ndi ndiwo zamasamba. Kenaka anachoka. Tsono nthaka yotereyi ikauma imayamba kuola, ndipo kaboni wosungidwa zaka zikwizikwi amathawira m'mlengalenga, nawonjezera kutentha kwa dziko.

M'chaka cha 1999 akatswiri, motsogozedwa ndi Mayi Line Rochefort a ku Université Laval, anayamba kukonzanso gawo lalikulu la malowo. Anatapa ndere ya moyo pa chithaphwi china, naimwaza pa nthaka yagwayo, naiphimbira ndi mapesi, natseka ngalande kuti madzi abwerere. Kachigawo kena anakasiya dala osakakhudza, kuti kakhale koyerekezera. Posakhalitsa malowo anabiriwira.

Komatu kubiriwira kumanyenga maso. Funso lenileni linali lakuti: kodi chithaphwicho chikumeza kaboni wambiri kuposa amene chikutulutsa? Patatha zaka khumi, m'chaka chimene mvula inachepa, oyeza anapeza kuti chinali kutayabe kaboni, ngakhale kuti sichinafike pa kachigawo kosakonzedwa kaja.

Apa ndi pamene panalowa ntchito ya a Kelly Nugent, amene pa nthawiyo anali kuphunzira digiri ya udokotala pa McGill University. Pa chithaphwipo panaimikidwa kansanja kokhala ndi zipangizo zoyeza mphepo ndi mpweya kangapo pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, m'chilimwe ndi m'chisanu. Kuwerengera kwake ndi kwa munthu wosunga chuma mosamala. Masana zomera zimakoka mpweya wa kaboni. Usiku nthaka imaubweza. Palinso mpweya wa methane, umene umatuluka pamene madzi adikha ndipo umatenthetsa dziko koposa. Kaboni wina amazemba mwakachetechete atasungunuka m'madzi oyenda. Woiwala chimodzi mwa izi angathe kulengeza phindu pamene pali ngongole.

Anayeza kwa zaka zitatu, popeza chaka chimodzi sichidalirika. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2018, zinaonetsa kuti patapita zaka 14 chikonzereni, chithaphwicho chinali kusunga pafupifupi magalamu 78 a kaboni pa sikweya mita iliyonse chaka ndi chaka, mofanana ndi zithaphwi zimene sizinakumbidwepo.

Mu 2019 a Nugent ndi anzawo anaonetsanso kuti kuzengereza kuli ndi mtengo wake: malo okumbidwa akasiyidwa zaka zambiri asanakonzedwe, kaboni wotayika m'zakazo amachedwetsa kwambiri phindu la kukonzako. Bois-des-Bel yemweyo anakhala gwa zaka pafupifupi 20 ngalande zake zisanatsekedwe.