Kugula ndi kugulitsa misoti ya ng'ombe

Msoti ndi ng'ombe yaikazi imene isanabereke. Ng'ombe zazikulu zimakalamba, zina zimafa, zina zimagulitsidwa. Msoti ndiwo umalowa m'malo mwa make. Khola lopanda misoti limatha pang'onopang'ono.

Ku Angónia ndi ku Tsangano anthu amaweta ng'ombe za linunda zochedwa Angoni. Pa nthawi ya nkhondo makola ambiri anatsala opanda kanthu. Nkhondo itatha mu 1992, mabanja obwerera kwawo anayambanso kuweta pogula msoti umodzi kapena iwiri.

Anthu ena amacita malonda a misoti. Amagula misoti yaing'ono kwa alimi amene akufuna ndalama za feteleza kapena za cakudya. Amaiweta caka cimodzi kapena ziwiri. Ikakula, kapena ikatenga bere, amaigulitsa kwa amene akufuna kuwonjezera khola lawo. Msoti wa bere umakwera mtengo cifukwa wogula sadikira nthawi yaitali. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9.

Koma malondawa safuna phuma. Wogula wanzeru amayang'ana zinthu izi:

1. Mano. Ng'ombe ili ndi mano 8 akutsogolo m'munsi, ndipo kumwamba kutsogolo ilibe mano. Thole limakhala ndi mano aang'ono. Mano awiri aakulu amatuluka ng'ombe ikafika zaka 2 kapena kupitirira pang'ono. Ngati onse 8 ndi aakulu, ng'ombeyo yapitirira zaka 4. Ng'ombe yotere ikakhala isanaberekepo, mwina ndi cumba.

2. Thupi. Msoti wabwino uli ndi maso owala, ubweya wosalala ndi mawere 4. Umayenda osatsimphina ndipo umabzikula bwino.

3. Make. Funsani ngati make amabereka kawirikawiri ndiponso ngati ali ndi mkaka wambiri. Funsaninso ngati msotiwo unabadwa wokha. Msoti wobadwa mapasa ndi thole lalimuna nthawi zambiri subereka.

4. Mwini wake. Gulani pamaso pa mfumu kapena mboni. Pocoka ndi ng'ombe kupita kudera lina, tengani kalata ya cilolezo kwa alangizi a ziweto. Wogula ng'ombe yakuba amataya ng'ombe ndi ndalama zomwe.

Mukafika kunyumba, musalowetse msoti m'khola lalikulu tsiku lomwelo. Uikeni paokha masabata 3 kapena 4, ndipo upopereni mankhwala opha nkhupakupa. Nkhupakupa zimafalitsa cigodola, matenda amene amapha ng'ombe zambiri kuno. Msoti umodzi wodwala ungathe kubweretsa matenda m'khola lonse.

Wogulitsa nayenso ayenera kusamala. Vuto likagwa pakhomo, ndi bwino kuyamba kugulitsa ng'ombe yokalamba kapena yamphongo. Mlimi amene agulitsa misoti yake yonse amapeza ndalama lero, koma pakapita zaka zocepa sakhalanso ndi mathole, mkaka, manyowa ngakhale ng'ombe zokoka ngolo.

Ana inu amene mumapita kubusa, mumadziwa ng'ombe iliyonse ndi make. Makolo anu akafuna kugula kapena kugulitsa, auzeni zimene mumaona.

Mafunso

1. Kodi msoti nciyani?
2. Timadziwa bwanji zaka za ng'ombe?
3. Ncifukwa ciyani msoti wacilendo umaikidwa paokha?
4. Werengani misoti ya m'khola la kwanu kapena la mnansi wanu. Ilipo ingati?