Chingerezi cha pa Tebulo: Kunena Zimene Mumadya ndi Kuwongolerana Mwaulemu

Wophunzira akamafika ku koleji amakhala ataphunzira Chingerezi kwa zaka zoposa khumi. Anakhoza phunziroli pa MSCE, poti popanda kutero satifiketi siituluka. Komatu mayeso amenewo amayesa dzanja, osati pakamwa. N'chifukwa chake munthu woti angathe kudzaza masamba anayi pofotokoza za kusintha kwa nyengo amatha kuuma pakamwa mlendo akangomufunsa kuti, "What would you like to eat?"

Ngati mukufuna kumasula lilime, nkhani ya chakudya ndi poyambira pabwino. Aliyense amadya, ndipo aliyense ali ndi chimene amakonda ndi chimene amadana nacho, choncho simungasowe chonena. Ngakhale mayeso a IELTS, amene ambiri ofuna sukulu kapena ntchito kunja amalemba, gawo lake loyankhula limayamba ndi mafunso a moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo chakudya chimapezeka kawirikawiri pa mafunsowo. Koma chifukwa chachikulu ndi ichi: mukalakwitsa Chingerezi m'kalasi mumangotaya malikisi, pomwe mukalakwitsa pa tebulo mumadya chimene simudya, kapena mumakhumudwitsa amene wakuphikirani.

Ziganizo zitatu zosiyana

Pali ziganizo zitatu zimene ophunzira amazisakaniza, chonsecho mwini chinenerocho amazimva mosiyana kwambiri.

Choyamba ndi "I don't like fish." Apa mukunena za kukoma basi. Wokulandiraniyo akhoza kuganiza kuti simunakumanepo ndi wodziwa kuphika, n'kukuumirizani kuti mulaweko pang'ono.

Chachiwiri ndi "I don't eat pork." Ichi ndi chosankha cha moyo wanu wonse, kaya chifukwa cha chikhulupiriro kapena thanzi. Munthu waulemu akamva chiganizo chimenechi saumiriza, ndipo inu simufunika kuwonjezera ulaliki. Akafunsa chifukwa, mawu ochepa monga "It's for religious reasons" ndi okwanira.

Chachitatu ndi "I'm allergic to peanuts," kutanthauza kuti mtedza umakudwalitsani. Ili ndi chenjezo. Ku Britain lamulo limakakamiza malo odyera kudziwitsa makasitomala ngati m'chakudya muli chimodzi mwa zinthu 14 zodziwika kuti zimadwalitsa anthu ena, ndipo mtedza, mazira, mkaka ndi nsomba zili m'gulu limenelo. Ophika akamva mawu amenewa amasintha ngakhale mpeni ndi poto. Tsono musawagwiritse ntchito pongofuna kuzemba chakudya chimene sichikukomerani. Ndi bodza, ndiponso limapeputsa mawu amene ena amadalira kuti apulumutse moyo.

Kwa Mwadiventi chiganizo chachiwiricho chimafuna mawu ena owonjezera. Pa Chichewa nkhumba ndi nkhumba, kaya ili m'khola kaya ili m'mbale. Pa Chingerezi ya m'khola ndi "pig," nyama yake ndi "pork," koma imabisalanso m'mayina ngati "ham," "bacon" ndi "gammon." Mafuta ake ndi "lard," ndipo "salami" ndi "pepperoni" za pa pizza nthawi zambiri zimakhala ndi nkhumba. Mlamba ndi kampango, nsomba zopanda mamba zimene Levitiko 11 imaziika kunja kwa zodyedwa, pa Chingerezi zili m'gulu la "catfish." Chiganizo chokuthandizani ndi "I only eat fish with fins and scales," ndiye kuti nsomba za zipsepse ndi mamba zokha. Dziwaninso kuti "vegetarian" sadya nyama ndi nsomba koma akhoza kudya mazira ndi kumwa mkaka, pomwe "vegan" sakhudza chilichonse chochokera ku nyama. Mukakayika, funsani: "Is there any pork in this?" Paja safunsa anadya phula.

Vuto limeneli si lachilendo. Danieli anali wophunzira m'dziko la eni, akuphunzitsidwa chinenero cha Akasidi, pamene anakumana ndi chakudya chimene sakanadya. Chaputala choyamba cha buku lake chimasonyeza kuti sanakankhe mbale. Anapempha mwaulemu, anatchula chimene akufuna m'malo mwake, zamasamba ndi madzi, ndipo anapereka masiku 10 oti amuyese. Kukana kwabwino kumayenda chimodzimodzi mpaka lero: kuthokoza, kunena zoona mwachidule, ndi kutchula chimene mungadye. "Thank you, it looks lovely, but I don't eat meat. The beans and rice would be perfect."

Pamene Chichewa chimatipunthwitsa

Zolakwa zambiri sizichokera ku umbuli. Zimachokera ku Chichewa chimene chikuyenda kunsi kwa Chingerezicho.

Msampha woopsa kwambiri ndi funso lokana. Munthu akakufunsani kuti, "Simudya nyama?" mumayankha kuti, "Eya, sindidya," pakuti mukuvomereza zimene wanenazo. Chingerezi sichiyang'ana zimene wofunsa wanena, chimayang'ana zimene mumachita. Tsono akafunsa kuti, "Don't you eat meat?" inu n'kunena "Yes," wamva kuti mumadya, ndipo nyamayo ikubwera. Yankho loyenera ndi "No, I don't." Njira yodzitetezera ndi kusayankha ndi liwu limodzi. Malizani chiganizo chonse.

Wachiwiri ndi "thank you." Kwathu "zikomo" amagwira ntchito zambiri, ndipo ndi kamvekedwe koyenera munthu amatha kukana naye chakudya. Pa Chingerezi wina akakufunsani ngati mukufuna kuwonjezera, "thank you" yekha amamveka ngati kuvomera. Pokana nenani "No, thank you." Mukakhuta, "I'm full" ndi wa pakati pa anzanu, ndipo "I've had plenty, thank you" ndi wa pamaso pa akuluakulu. Pewani "I'm fed up," chifukwa ameneyo akutanthauza kuti zakukwanani, mwatopa nazo.

Wachitatu ndi liwu loti kukoma. Ife timati nyama ikukoma, nzimbe ikukoma. Koma "sweet" ndi kutsekemera kwa shuga kokha. Mukauza wophika kuti "The beans are sweet," adabwa kuti shuga wagweramo bwanji. Nenani "tasty" kapena "delicious." Chimodzimodzi "relish," amene ife timatchulira ndiwo. Kwa Mngelezi kapena Mmereka liwu limeneli ndi tokometsera ta m'botolo todyera pang'ono pambali. Ndi bwino kutchula ndiwoyo ndi dzina lake, ndipo chakudya chathu musachisinthe dzina. Nsima ndi nsima, ingofotokozani kuti ndi "a stiff porridge made from maize flour." Nkhwani wotendera ndi "pumpkin leaves cooked with groundnut flour." Phala timamwa, koma pa Chingerezi amati "eat porridge."

Palinso timawu tiwiri ta galamala. "I like tea" ndi chikhalidwe chanu cha masiku onse, pomwe "I'd like some water" ndi pempho la pompano. Ndipo "prefer" amayenda ndi "to," osati "than": "I prefer rice to nsima."

Chiganizo chimenechi chikutifikitsa pa katchulidwe. M'Chichewa "l" ndi "r" sasiyanitsa tanthauzo la mawu, n'chifukwa chake khutu lathu silinazolowere kuwalekanitsa. Pa Chingerezi "rice" ndi mpunga, "lice" ndi nsabwe. Potchula "l" nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano a m'mwamba. Potchula "r" lilime limabwerera m'mbuyo pang'ono osagunda paliponse. Simukufunika kuyankhula ngati wobadwira ku London. Chofunika ndi chakuti womva asasokonezeke.

Kuyeserera kwa mphindi 20

Kuwerenga zonsezi sikumasula lilime. Pezani anzanu awiri, mukhale pansi mukatha chakudya chamadzulo, mugawane ntchito: woyankhula, wofunsa, ndi womvetsera amene wagwira cholembera.

Yambani ndi njira yotchedwa 4/3/2, imene katswiri wa kaphunzitsidwe ka zinenero Paul Nation wa ku New Zealand anaifufuza ndi kuitchukitsa. Woyankhula amafotokoza nkhani imodzi kwa mphindi 4, mwachitsanzo chakudya chimene amachilakalaka akakhala kutali ndi kwawo. Kenaka amabwereza nkhani yomweyo kwa munthu wina m'mphindi 3, pomaliza m'mphindi 2. Ulendo woyamba ubongo umatanganidwa ndi kusaka mawu. Pofika ulendo wachitatu mawu aja ali kale pafupi, ndipo kudodoma kumachepa. Pa gawo limeneli palibe wodula mnzake pakamwa.

Kenaka chitani kasewero. Wina akhale wolandira alendo amene waphika chinthu chimene mlendo sadya, ndipo aumirize ndithu, afunse mafunso okana aja. Mlendo akane mpaka kawiri popanda kunama ndi popanda kunyoza. Ngati muli ndi foni, jambulani mawu. Munthu akadzimvera yekha amagwira zolakwa zake zambiri mnzake asanatsegule pakamwa.

Kuwongolera kumene kumathandiza

Apa ndi pamene magulu ambiri amathera. Wina amaseka, wina amawongolera liwu lililonse, ndipo wolakwitsayo sabweranso. Ena amachita ulemu wopitirira muyeso, n'kumangoti "zili bwino," mnzawo n'kupita ndi "Yes" wake uja mpaka pa tebulo la eni.

Mu 1997 akatswiri awiri, Roy Lyster ndi Leila Ranta, anasindikiza zimene anapeza atamvetsera aphunzitsi akuphunzitsa ana m'Chifalansa m'dera la Montreal ku Canada. Anapeza kuti njira imene aphunzitsi ankaikonda kwambiri, yoposa theka la kuwongolera konse, inali kungobwereza chiganizo cha mwana mokonza. Koma nthawi zambiri mwanayo ankangopitiriza nkhani, osasonyeza kuti wazindikira kuti wakonzedwa. Njira zimene zinkachititsa ana kukonza okha zinali zowabwezera mpira: kufunsa funso, kuima pakati pa chiganizo kuti mwana amalize, kapena kumupatsa kachizindikiro ka pamene palakwika.

Tiyerekeze kuti mnzanu wanena kuti, "I prefer beans than soya pieces." Mukangoyankha kuti, "Oh, you prefer beans to soya pieces," iye akhoza kumva ngati mukugwirizana naye pa nkhani ya nyemba. Koma mukati, "Amwene, bwerezani pajapa. I prefer beans…?" n'kudikira, amayamba kusaka yekha, ndipo chimene munthu wachipeza yekha sichichoka msanga. Njira imeneyi imagwira pa zinthu zimene mnzanuyo anaphunzirapo kale. Ngati liwulo sanalimvepo, kapena vuto ndi katchulidwe, musamuzunze ndi mafunso. Mutchulireni, iye abwereze.

Womvetsera uja asunge zinthu zinayi. Adikire mpaka woyankhula amalize, pakuti munthu sangathamange akuyang'ana mapazi ake. Ayambe ndi chimene chayenda bwino, ndipo achitchule mwachindunji: "Munakana mwaulemu, ndipo munatchula chimene mungadye." Asankhe zolakwa ziwiri zokha, kuyambira ndi zimene zimasintha tanthauzo, kuiwala "the" sikunadyetsepo munthu nkhumba, koma "Yes" wolakwika akhoza kutero. Pomaliza apatse mnzakeyo mpata wonenanso chiganizocho molondola, kawiri kapena katatu, asanasinthane malo.

Wowongoleredwa nayenso ali ndi udindo. Nenani poyamba chimene mukufuna kuti anzanu akumvetsereni: "Lero mundigwire pa l ndi r." Mukatero kuwongolera kumasanduka thandizo limene mwapempha, osati chitonzo. Lembani ziganizo zokonzedwazo m'kabuku, ndipo muyambe nazo mukakumananso.

Ena mwa inu mudzapita kukaphunzira kunja, ena mudzagwira ntchito m'zipatala ndi m'mabungwe momwe muli anthu a mitundu ina, ena mudzalandira alendo kumpingo kapena pa msonkhano wa misasa. Namwino adzafunika kufunsa wodwala chimene chimamudwalitsa, ndi kumva yankho molondola. Ziganizo zofunika pa nthawi ngati zimenezo n'zochepa, mwina khumi, koma ziyenera kutuluka zokha, mbale ili kale patsogolo panu ndipo mwini nyumba akudikira. Malo abwino ozilakwitsira ndi kuno, pakati pa anzanu, pa mbale ya nsima ndi nyemba.