Ng'anjo za ku Oldham zomwe zinaphunzitsa dziko kupota thonje

M'zaka za Mfumukazi Victoria, tawuni ya Oldham, kufupi ndi Manchester ku England, inkapota thonje lambiri kuposa tawuni ina iliyonse padziko. Koma makina opotera ulusiwo ankayambira mumchenga, pansi pa denga lakuda ndi utsi la kampani ya Platt Brothers.

Henry Platt anafika ku Oldham mu 1821, ndipo posakhalitsa anagwirizana ndi Elijah Hibbert. Ntchito itakula, kampaniyo inatsegula fakitale ya Hartford New Works ku Werneth mu 1844, pafupi ndi njanji. Hibbert atamwalira, ana a Platt ndiwo anatenga zonse. Mmodzi wa iwo, John Platt, anadzakhala meya, kenako phungu wa Oldham kuyambira 1865 mpaka imfa yake mu 1872.

Mayina a eni ake ndi amenewo, koma luso linali m'manja mwa ena. Mmisiri wa matabwa ankasema chifanizo cha gudumu kapena mwendo wa makina. Woumba ankachikwirira mumchenga wonyowa pang'ono, n'kuutsendera atagwada, kenako n'kuchizula mosamala kuti mphako isagumuke. Apo m'pamene anyamata ankabwera ndi chitsulo chosungunuka, chofiira psuu, n'kuthira. Mchenga ukanyowa mopitirira, nthunzi inkaphulika, chitsulo n'kuthovukira m'miyendo. Fumbi nalo linkadya mapapo mwakachetechete. Pofika m'ma 1890, anthu pafupifupi 15,000 ankalandira malipiro pakampaniyi, ndipo n'zachisoni kuti ambiri a iwo mbiri sinawasunge.

A Platt sankasankha wogula. Makina awo anapita ku Russia, ku India ndi ku Japan, kumene mu 1867 anakawaika mufakitale yopota thonje ya ku Kagoshima, amisiri a ku England n'kutsagana nawo kukaphunzitsa. Ophunzirawo sanachedwe kupsa. Mu 1929 zinthu zinatembenuka: Platt Brothers inavomera kulipira mapaundi 100,000 kugula chilolezo chopangira makina owombera nsalu amene anatulukira Sakichi Toyoda. Mwana wake Kiichiro ndiye anadzayambitsa galimoto za Toyota.

Mayiko amene ankagula nsalu za ku Lancashire, chigawo chomwe munali Oldham, anali atayamba kudziwombera okha, pamtengo wotsika. Mafakitale a thonje a ku Oldham anatsekedwa imodzi imodzi, ogula makina apafupi n'kutha. Mu 1982 kampaniyo inasiya kupanga makina m'tawuniyo.